Tsabola Wakale ndi Akavalo a pa Pepala

Tsabola wakale sawawa. Mwambi umenewu ulibe chisoni, ndipo mwina n'chifukwa chake sukalamba. Amaunena pofuna kukhazika pansi gogo amene akuumirira kuti zinthu ziziyenda monga zinkayendera iye ali mnyamata. Amaunena kwa mphunzitsi amene chikwapu chake chinasiya kuopsa, kwa katswiri wa mpira amene mawondo ayamba kumukana, kwa bwana wopuma ntchito amene akuyembekezabe kuti anthu aimirire iye akamalowa. Pa munthu mwambiwu ndi wovuta kuuyesa, chifukwa ukali wa munthu sulembedwa paliponse. Pa injini ndi nkhani ina. Pikapu yakale, Toyota Hilux ija ya m'zaka za m'ma 1990 imene mpaka lero imanyamula chimanga, njerwa, akwati ndi maliro m'misewu ya fumbi, inatuluka ku fakitale ndi pepala lonena poyera kuti ukali wake ndi wochuluka bwanji. Mkangano uli ndi poyambira.

Manambala akangoyalidwa, amaikira mwambi kumbuyo. Hilux yoyamba, ya mu 1968, inali ndi kainjini ka petulo ka malita 1.5, ndipo akavalo ake, ndiye kuti horsepower, sankafika n'komwe pa 80. Dizilo analowa m'banjali cha mu 1979, chaka chomwenso galimotoyi inayamba kukoka ndi matayala onse anayi. Pofika m'badwo wachisanu, umene unatuluka mu 1988, wogula ankasankha malinga ndi dziko limene ali komanso kuya kwa thumba lake. Kunali 4Y ya petulo ya malita 2.2, yomwenso inkayendetsa maminibasi a Hiace. Kunali 22R ya malita 2.4, imene anthu a ku America amaitamanda mpaka pano, ndipo okonda liwiro a komweko anali ndi V6 ya malita 3.0, yotchedwa 3VZ-E, ya akavalo pafupifupi 150. Kumbali ya dizilo kunali 2L ya malita 2.4 ndi mng'ono wake wonenepa, 3L, wa malita 2.8, pambuyo pake kunadza 5L ya malita 3.0.

Tigwire 3L, popeza ndiyo imatchulidwa ndi ulemu m'magalaja a ku Biwi ndi ku Ndirande. Masilinda ake anayi onse pamodzi ndi 2779 cc. Mabuku a ku Japan amati imatulutsa akavalo 91, ndiye kuti makilowati 67, ikamazungulira ka 4000 pa mphindi. Iimikeni tsopano pambali pa mdzukulu wake, 1GD-FTV, ya mu Hilux za masiku ano. Mdzukuluyo ndi wocheperako thupi, 2755 cc, koma kuyambira mu 2020 amatulutsa akavalo 204, makilowati 150. Mimba yofanana, chakudya chake dizilo yemweyo, mphamvu kuposa kuwirikiza kawiri. Mnyamata amene waona manambala awiriwa n'kunena kuti tsabola wakale sawawa sanatukwane munthu. Wangowerenga.

Koma tisanamuombere m'manja, pali funso limene mwambi sufunsa: analawa ndani, ndipo ndi lilime lotani? Ngakhale tsabola weniweniyo, pamene Wilbur Scoville ankapeka njira yoyezera ukali wake mu 1912, sikelo yake inali malilime a anthu. Ankasungunula tsabola m'madzi a shuga, kuonjezera madzi, kuonjezeranso, mpaka olawawo atanena kuti sakumvanso kuwawa. Akasintha olawa, nambala inkasintha. Akavalo a injini nawo anabadwa mwa njira yosasiyana kwenikweni. James Watt wa ku Scotland, m'zaka za m'ma 1780, ankagulitsa injini za nthunzi kwa eni migodi ndi mafakitale amene ntchito yawo inkagwiridwa ndi akavalo enieni a miyendo inayi. Kuti malonda atheke, anayenera kuwauza kuti makina ake alowa m'malo mwa nyama zingati. Choncho anakhazikitsa kuti kavalo mmodzi amakweza mapaundi 33,000 mtunda wa futi imodzi pa mphindi, zimene lero timati mawati pafupifupi 746. Muyezowu unabadwira pa msika, m'kamwa mwa wogulitsa, ndipo fungo la msika silinauchoke. Ku Germany ndi ku Japan amagwiritsa ntchito kavalo wawo wocheperako pang'ono, wolembedwa PS, amene amakweza makilogalamu 75 mtunda wa mita imodzi pa sekondi. Ku South Africa ndi ku Australia amalemba makilowati. Injini imodzi yomweyo ikhoza kuoneka ndi 91 m'buku lina, 90 m'buku lina, 67 m'buku lachitatu, ndipo wogula wosadziwa amaganiza kuti akusankha pakati pa injini zitatu.

Zimenezo n'zazing'ono poyerekeza ndi zimene zinachitika ku America mu 1972. Chaka chimenecho chisanafike, makampani a kumeneko ankayeza injini ili pa benchi, yovula: yopanda fyuluta ya mpweya, yopanda ekizozi yake yeniyeni, yosakoka fani ndi zina zonse zimene injini imasenza ikakhala m'galimoto. Nambala yotuluka pamenepo ankaitcha gross. Kuyambira mu 1972 anayamba kuyeza injini itavala zonse monga mmene wogula adzailandirire, ndipo nambalayo ankaitcha net. Akavalo ambirimbiri anafa chaka chimodzi popanda mliri. Injini yotchuka ya mapikapu a Ford, ya masilinda asanu ndi imodzi ondondozana ndi malita 4.9, imene eni ake amangoitcha 300, inkalembedwa kuti ili ndi akavalo 170. Muyezo utasintha, inapezeka cha m'ma 120. Gawo lina la kutsikako linali lenileni, chifukwa nthawi yomweyo ankafewetsa injini kuti zigwirizane ndi malamulo atsopano a utsi, koma gawo lalikulu linali la cholembera basi. Japan nayo inasintha kuchoka ku gross kupita ku net chapakati pa zaka za m'ma 1980. Tanthauzo lake ndi lowawa kwa okonda zakale. Akavalo ena amene madala amawakumbukira ndi misozi m'maso sanapondepo pa msewu. Anakhala moyo wawo wonse m'kabuku ka malonda. Tsabola wina wakale sanawawepo mmene ankamutamandira, ngakhale tsiku limene anathyoledwa.

Ndipo dziko lathu limalanda msonkho wake pa akavalo otsalawo. Injini yopanda turbo imapuma mpweya umene yaupeza, ndipo mpweya umapepuka munthu akamakwera. Akatswiri a injini amawerengera kuti pa mamita 300 alionse okwera, mphamvu imatsika ndi magawo pafupifupi atatu pa 100 alionse. Manambala a m'buku ndi a m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Lilongwe ali pa mamita opitirira pang'ono 1000, ndiye kuti 3L imadzuka m'mawa itataya kale gawo limodzi mwa magawo khumi isanagwire ntchito iliyonse. Ku Dedza, cha pa mamita 1600, imataya zoposerapo. Hilux yopangidwira ku Prospecton, mu Durban, ikakwera kupita ku Johannesburg imafika itafooka ndi magawo pafupifupi 17 pa 100, mwini wake osaiona n'komwe ikudwala. Pamwamba pa izo, giyabokosi ndi difu zimadya zawo mphamvuyo isanafike ku matayala. Kenako pamabwera zaka: maring'i operepeseka, mavalavu osatseka bwino, mainjekita amene m'malo mofuka dizilo ngati nkhungu amangodontha, fyuluta yotsekeka ndi fumbi la mu Okutobala. Pa makilowati 67 a pa pepala, ofika pansi mwina ndi 45, ndipo pamenepo ndiye kuti mwini wake ndi munthu wosamala.

Kodi makilowati 45 amatha chiyani? Masamu ake ndi osavuta. Hilux yotereyi yopanda katundu imalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka. Ikani matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50, yakwana matani awiri ndi theka. Ipatseni chikweza chokwera mita imodzi pa mamita khumi alionse. Kuti ikwere pa liwiro la makilomita 40 pa ola, kukweza kulemera kokhako kukufuna makilowati 27. Kuti ikwere pa 80, akufunika 54, tisanawerengere mphepo ndi kukhuzana kwa matayala ndi msewu. Gogoyo alibe 54. Ali ndi 27 ndi zotsala zoti apumire. Ndiye aliyense amene anatsatirapo pikapu yodzaza pa Chiweta, kapena pokwera kuchokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre, amaidziwa nyimbo yake: giya yachiwiri, kulira kosasintha, mzere wa magalimoto kumbuyo, ndi dzanja la dalaivala lotuluka pa windo kukodola kuti dutsani, achimwene, ine ndilibe changu.

Apa mpamene mwambi umayamba kutsimphina. Umaganiza kuti ntchito ya tsabola ndi imodzi yokha, kuwotcha lilime, ndipo akalephera iyo watha ntchito. Koma matumba 20 aja afika pamwamba pa phiri. Afika mochedwa ndi mphindi zingapo, koma palibe thumba limene latsala m'munsi. Horsepower sinena kuti katundu akwera kapena sakwera. Imanena kuti akwera mwachangu chotani. Chimene chimazula galimoto m'matope ndi mphamvu yopotokola ija amakaniko amati torque, itachulukitsidwa ndi magiya. Ya 3L ndi Nm 188, ndipo imapezeka msanga, injini ikamazungulira ka 2400 kokha pa mphindi. Ndi yochepa poyerekeza ndi Nm 500 za mdzukulu, koma ikadutsa mu giya yoyamba, n'kudutsanso mu low range, n'kudutsanso mu difu, imafika ku matayala itachulukitsidwa makumi angapo. Pa msewu wa kumudzi nthawi ya dzinja, pamene liwiro loposa 30 ndi kufuna kuthyola masipuling'i, akavalo 204 ambiri a iwo amangokhala m'khola kudya msipu. Mlimi wa fodya amene akutulutsa mabelo ku munda kupita pa msewu waukulu sagula liwiro. Amagula chitsimikizo chakuti mawa m'mamawa ikaliza.

Pali chinanso chimene chimandikopa kwambiri pa nkhaniyi, ndipo ndikuona kuti ndicho mtima wake. Kufatsa kwa injini yakale sikuti ndi chilema chimene imakhala nacho ngakhale ili yolimba. Ndiko kumene kumailimbitsa. Gawani akavalo ndi malita. 3L imatulutsa akavalo pafupifupi 33 pa lita imodzi. Ford 300 ija, imene inapangidwa kuyambira 1965 mpaka 1996 n'kutha moyo wake ili ndi akavalo 150 okha, inkatulutsa pafupifupi 31 pa lita, ndipo inagwira ntchito m'magalimoto otumiza katundu, m'majenereta ndi m'mapampu a madzi, kumene injini imalira tsiku lonse osapuma. 1GD-FTV imatulutsa 74 pa lita. Kavalo aliyense woonjezera ndi moto woonjezera pamutu pa pisitoni, kukankha koonjezera pa mabering'i, kutentha koonjezera kumene rediyeta iyenera kuchotsa. Injini imene siinapemphedwe zambiri ili ndi malo olakwirapo. Oyilo akachedwa kusinthidwa imapirira. Fani ikafooka imadandaula kaye isanafe.

Umboni wake uli m'banja lomwelo. Toyota itaika turbo pa 2L kuti ipeze akavalo ena, inatuluka 2L-T ndi 2L-TE, zimene zinabwera kuno zambiri m'magalimoto a Hilux Surf ochokera ku Japan. Funsani makaniko aliyense amene wazigwirapo, akuuzani za hedi yong'ambika. Mu 1993 kunabwera 1KZ-TE ya malita 3.0, ya akavalo 130 m'mabuku a ku Japan, injini yokoma kuyendetsa, yokoka phiri ngati palibe. Hedi yake ndi ya aluminiyamu, ndipo ikangowira kamodzi kokha mokwanira, mwini wake amayamba kufunsa mitengo ya hedi ina. Si injini zoipa. Zimangofuna mwini watcheru, amene diso lake silichoka pa singano ya kutentha, amene sathira madzi a pa chithaphwi mu rediyeta. Ukali unabwera ndi malamulo ake, ndipo osunga malamulo sachuluka.

Nanga tsabola weniweniyo, kodi n'zoona kuti akakhalitsa amasiya kuwawa? Amayi amene anapezapo kambuzi wouma wa chaka chatha m'kabotolo kotseka bwino, n'kumuthira mu ndiwo mosaopa pokhulupirira mwambi, amadziwa yankho. Chimene chimawawa mu tsabola, capsaicin, sichiuluka msanga. Fungo ndi maonekedwe ndizo zimayamba kutha. Amene amazizira ndi tsabola wosiyidwa pa dzuwa ndi pa chinyontho. Mwambi umaimba mlandu zaka pamene wolakwa nthawi zambiri ndi msungi. Ma 3L awiri otuluka ku fakitale mwezi umodzi akhoza kukhala kuti ina ikuliza kamodzi m'mawa wa mu Juni pamene inzake ikufuna anyamata anayi okankha. Yoyambayo inali ndi mwini amene kanyale kolembedwa T-BELT kakayaka pa makilomita 100,000 ankasinthadi lamba. Yachiwiriyo inali ndi mwini amene anapempha makaniko kuti angozimitsa kanyaleko. Lambayo akaduka injini ikuthamanga, mavalavu amakumana ndi mapisitoni, ndipo pamsonkhano umenewo palibe amene amatuluka wamoyo.

Pali ntchito inanso imene pepala la akavalo silitchula: kutheka kukonzedwa kumene wafera. 3L imamwa dizilo kudzera mu pampu ya zitsulo zokhazokha, yoyendetsedwa ndi injini yomweyo, yopanda kompyuta. Ikazima pakati pa tchire, munthu wodziwa amamasula paipi, kupopa ndi chala mpaka thovu litatha, kumanganso, n'kupitiriza ulendo. Injini za common rail, zimene zinafika mu Hilux zambiri za kuno ndi m'badwo wa 2005, zija timati D-4D, zimapanikiza dizilo mwamphamvu yoopsa, ndipo za masiku ano zimapitirira mabar 2000. Mphamvu zake, kusadya mafuta kwake ndi kuchepa kwa utsi wake zimachokera pamenepo. Koma mabowo a mainjekita ake ndi ang'onoang'ono kwambiri moti kadontho ka madzi kapena kafumbi kosaoneka ndi maso kamakwana kuwawononga. M'dziko limene mafuta amasowa, monga zinachitikira mu 2011 ndi 2012 ndiponso m'zaka zaposachedwapa, anthu n'kumagula dizilo wa m'zigubu amene sakudziwa kumene wadutsa, kusiyana kumeneku si kwa m'kalasi. Toyota yomwe ikuvomereza. M'badwo wa Hilux wa 2015 utatuluka, ndi thupi latsopano ndi zonse zamakono, kampaniyi inapitiriza kuika 5L-E, injini ya banja lakale lija la L, yopanda turbo, ya makilowati pafupifupi 70, m'magalimoto opita ku maiko ena a mu Africa ndi kwa mabungwe ogwira ntchito kutali ndi matauni. Anthu a ndalama zawo, okhoza kugula akavalo 177 a 1GD-FTV ya nthawi imeneyo, ankasankha dala osakwana 100.

Tsono tisathamangire kupachika mwambi. Okonda zakale nawo ali ndi bodza lawo, ndipo limamveka m'galaja iliyonse: "Bwana, iyi ndi 3L, siifa." Imafa. Zimene timaziona pa msewu lero ndi zopulumuka. Zinzake zambirimbiri zinasanduka masipeya, makola a nkhuku ndi mbaula. Kuweruza m'badwo wonse poona otsala okha kuli ndi chinyengo chake, chifukwa akufa sabwera kudzapereka umboni. Mu 2003 pulogalamu ya Top Gear ya BBC inatenga Hilux ya dizilo ya mu 1988, n'kuimiza m'nyanja, kuigwetsera kalavani, kuiyatsa moto, kenako kuiika pamwamba pa nyumba yosanja imene inagwetsedwa ndi mabomba, ndipo makaniko anailizabe ndi zida wamba popanda sipeya yatsopano. Nkhaniyi ndi yoona, ndipo yagulitsa mapikapu otopa ambiri pa mtengo wosayenera. Chimene anthu amaiwala n'chakuti galimoto ija inatuluka pamenepo itathyoka msana. Injini inalira, inde, koma palibe akanaikwezamo ana ake.

Ndipo pali malo ena pamene tsabola wakale amawawa kwambiri kuposa watsopano, kungoti amawawa wosadya nawo. Khalani kumbuyo kwa pikapu yakale pa chikweza, pa njinga ya kabaza kapena pansi ndi dengu la tomato, mulawe utsi wakuda uja. Mu 2012 bungwe la IARC, nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, linaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Mwini galimoto amawerenga zimene wapulumutsa posagula mainjekita odula; chifuwa cha mayi wogulitsa m'mbali mwa msewu sichilowa m'masamu ake. Amakaniko ena, mwini akadandaula kuti galimoto yafooka, amangotsegulira pampu kuti ithire mafuta ambiri. Injini yopanda turbo ilibe mpweya woti iwotchere mafuta oonjezerawo. Kavalo mmodzi kapena awiri amabwera, otsalawo amatuluka ku ekizozi ngati mwaye, ndipo mapisitoni amapsa mwakachetechete.

Kufatsa nako kuli ndi tsiku limene kumapha. Pa M1, pamene msewu ndi wa mizere iwiri yokha ndipo kutsogolo kuli thanki ya mafuta yoyenda pang'onopang'ono, kupitirira kumafuna kuti ukhale kumbali ya eni ake kwa masekondi ochepa kwambiri. Wa akavalo 204 amatuluka n'kubwerera. Wa akavalo 91 olembedwa, 60 enieni, ndi anthu khumi ndi awiri a matola kumbuyo, amakhala kumeneko nthawi yaitali, akupemphera kuti pa kona pasatulukire basi. Pamenepo mwambi wina uja, wakuti kuthamanga sikufika, suthandiza aliyense. Kufika kumafuna kuthamanga kwa masekondi asanu amene gogoyo alibe. Potsika phiri nkhani imatembenuka. Pepala la akavalo silinena chilichonse za kuima. Mabuleki a kumbuyo ndi a dramu, ABS palibe, ma airbag palibe, ndipo katundu amene injini inakwera naye mopirira mu giya yachiwiri amasanduka mdani wokankha kumsana. Dalaivala wakale amatsika ndi giya yomwe anakwerera. Wophunzira pa galimoto zatsopano amatsika ndi phazi pa buleki mpaka fungo la kupsa litamuuza kuti pansi pa phazi palibenso kanthu.

Ena, posafuna kuvomera mwambi, amasintha tsabola n'kusiya botolo. Pikapu ya zaka makumi atatu kawirikawiri siikhala ndi injini imene inabadwa nayo. Pamene panali 2L pali 3L, pamene panali 3L pali 5L yochokera mu Hiace, ndipo ku South Africa kuli chizolowezi choika V8 ya Lexus ya malita 4.0, 1UZ-FE, mu Hilux yakale, akavalo n'kuwirikiza kuposa kawiri usiku umodzi. Zina mwa ntchito zimenezi ndi zaluso ndithu. Koma giyabokosi, difu, rediyeta ndi mabuleki anazipangira akavalo 91, ndipo sizinafunsidwe maganizo. N'chifukwa chake wogula wanzeru sakhulupirira zolembedwa pa chitseko cha kumbuyo, ngakhale za mu blue book. Amatsegula boneti, kupukuta buloko ndi kansanza, kuwerenga zilembo zodindidwa pa chitsulo. Amafika m'mamawa injini isanatenthe, chifukwa wogulitsa wochenjera amaiwotha mlendo asanabwere. Amayang'ana mtundu wa utsi: woyera, wabuluu kapena wakuda, uliwonse uli ndi nkhani yake. Amatsegula chotsekera cha oyilo injini ikulira kuti aone ngati ikupumira pamenepo. Funso lakuti "ili ndi mahosipawa angati" limabwera kumapeto, ngati libwera n'komwe, ndipo wogulitsa amayankha nambala imene akuona kuti mukufuna kumva.

Chimene mwambi sunena n'chakuti ukale umayamba liti. D-4D itafika mu 2005, ya malita 2.5 ndi makilowati 75, ya malita 3.0 ndi makilowati 120, amakaniko ambiri ankaiopa. Ankati ndi galimoto ya kompyuta, siidzakhalitsa m'fumbi lathu, ikadzafa mudzaikokera kwa eni ake ku tauni. Nthawi imeneyo 3L inali ndi zaka 17. Lero D-4D yoyambayo yapitirira zaka 20, ndiye kuti ndi yachikulire kuposa mmene 3L inalili pamene inkatchedwa gogo. Zambiri zikuyendabe, zina zitazungulira makilomita mazana a masauzande. M'magalaja momwe muja mwadzuka anyamata a kamakina kolumikiza pansi pa chiwongolero, amene amawerenga matenda a injini pa foni, ndipo kuli malo oyezera mainjekita a common rail amene kale kunalibe. Pamene amene amadziwa kutchera pampu ya 3L ndi khutu akuchepa chaka ndi chaka, masipeya ake enieni akusowa, ndipo msika wadzaza ndi ofanizira amene amatha miyezi itatu. Ogulitsa ayamba kale kunena za D-4D mawu omwe aja ankanenera 3L, akuti iyi ndiye yolimba, osati za masiku anozi za masensa ambirimbiri, ndipo mtengo wake pa msika wa magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ukukana kutsika.